Tikufuna kumanga holo ndi mashopu pamalo pomwe pali nyumba yakale ya mishoni, tiyambire pati?

Funsoli lachokera kwa mlembi wa komiti ya chitukuko ya mpingo wina m'boma la Zomba. Mwachidule akuti pamalo awo pali nyumba ya mishoni yomangidwa nthawi ya atsamunda, ya njerwa, khonde kuzungulira, pano simukhala munthu ndipo denga likudontha. Kutsogolo kwake kuli bwalo lofika mpaka kumsewu, chakumbali kuli mtengo waukulu wa mkuyu ndi manda angapo akale. Komiti ikufuna holo ya misonkhano ndi maukwati komanso mashopu a lendi kuti mpingo uzipezako kangachepe. Ena akuti nyumbayo ingogwetsedwa, ena akuti isakhudzidwe n'komwe. Ndiye akufunsa kuti ayambire pati, komanso chomangidwa chatsopanocho chioneke bwanji.

A Mlembi, zikomo kuti mwafunsa musanakumbe, ambiri amatipeza mabuloko atagula kale. Ine ntchito yanga ndi yojambula mapulani a nyumba, ndiye ndiyankha ngati mmisiri. Musagwetse. Koma nawonso amene akuti isakhudzidwe sindikugwirizana nawo, chifukwa nyumba yotsekedwa imatha msanga kuposa yomwe mukulowa anthu tsiku ndi tsiku. Mukaiika loko palibe amaona kuti lata lasuntha, chiswe chimakwera mwakachetechete mpaka kuphaso, mileme imadzaza musiling'i, kenako anyamata ayamba kuzula mafelemu a mawindo usiku, pakatha zaka zochepa onse aja ankati isakhudzidwe ndi omwe adzanene kuti basi yatha yokha tigwetse. Ndiye holo ndi mashopu anuwo muwaone ngati njira yopezera nyumba yakaleyo ntchito ndi ndalama yoisamalira. Mukagwira mfundo imeneyi mafunso enawo, kaya poika, kaya kutalika, kaya mtundu wa penti, amayankhika mosavuta.

Izitu si zongoganizira, chitsanzo tili nacho konkuno. Mandala House ku Blantyre inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, ndipo imadziwika kuti ndi nyumba yakale kwambiri yomwe ikadaima m'dziko muno. Pansi pake pali malo omwera khofi ndi ogulitsira zojambula ndi zosema, pamwamba pali laibulale ya Society of Malawi, bungwe losunga mbiri ya dziko lino lomwe linayamba mu 1946. Wina wabwera kudzadya, wina kudzagula, wina kudzawerenga mapepala akale, onse akudutsa pakhonde limodzi, ndiye mvula ikalowa penapake m'mawa mwake wina waona kale. Ku Livingstonia nako Stone House ya 1903, momwe ankakhala Dr Robert Laws, inasanduka malo ogona alendo ndi osungira zinthu zakale. Ngati komiti ili ndi kandalama ka thiransipoti, tumizani anthu awiri atatu, makamaka aja akufuna kugwetsa, akakhale pakhonde la Mandala kwa ola limodzi. Zimathandiza kuposa kukangana mu vesitile.

Tsopano za malamulo, ndipo apa musadumphe. Tili ndi lamulo loteteza zipilala ndi zinthu zakale, Monuments and Relics Act, ndipo amene amaliyendetsa ndi nthambi ya boma ya Museums and Monuments, yomwe ambiri tinazolowera kuitchula kuti Antiquities. Lamuloli limafuna kuti wofuna kukumba kapena kumanga awadziwitse mapulani akadali poyambirira, kuti ngati pansipo pali zinthu zofunika akatswiri azifufuze makina asanalowe, ndipo ngati nyumba yanu ili pa mndandanda wa zotetezedwa simungaigumule kapena kuisintha popanda chilolezo olo malowo ali anu. Ndiye kalata yoyamba ipite kumeneko, muikemo zithunzi, mufunse ngati nyumbayo inalembedwa. Yachiwiri ndi ya ku khonsolo, chifukwa pansi pa Physical Planning Act ya 2016 mapulani amayenera kuvomerezedwa, ndipo kusintha malo a mishoni kuti pakhale malonda nakonso kumafuna chilolezo chake. A MEPA, oona za chilengedwe, ndi amene anganene ngati ntchito yanu ikufunika kafukufuku wamkulu kapena ayi. Komanso yang'anani chikalata cha malo, malire ake enieni ndi ati, chili m'dzina la ndani, sinodi kaya dayosizi kaya matrasti. Ndaonapo mashopu atafika pa lintala kenako kutulukira kuti theka lake lili m'malire a msewu.

Mwina m'komiti muli wina amene akuti nanga tisungirenji nyumba ya azungu. Funso limeneli ndi labwino ndipo musamunyoze. Koma mumufunse kuti anaponda dothi ndani, anaumba njerwa ndani, anacheka matabwa ndani. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre Mission chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891, M'busa David Clement Scott amene ankatsogolera sanaphunzire za mapulani a nyumba, ndipo manja omwe anaumba njerwa za maonekedwe osiyanasiyana zija ndi kuziyala mpaka pamwamba anali a anthu akuno. Nyumba yanuyo ndi chimodzimodzi, muli thukuta la agogo a anthu omwewo akukhala pa benchi Lamulungu. Ndiye pulani isanayambe khalani pansi ndi achikulire, mafumu ndi amayi a mvano kaya a chigwirizano, akuuzeni kuti chipinda chiti chinali sukulu, mankhwala ankaperekera pati, anthu ankadikirira pati, njira yakale yopita kumtsinje inkadutsa pati. Lembani, jambulani mawu pafoni. Nthawi zambiri mumapeza kuti chimene anthu amachikonda kwambiri ndi khonde kapena masitepe kapena mtengo uja, ndipo wojambula pulani akapanda kuuzidwa akhoza kuika thanki ya zimbudzi pomwepo.

Ndifike pomwe mtima wanga uli, nkhani ya madzi ndi simenti. Nyumba zambiri za nthawi imeneyo anamangira dothi kapena laimu pakati pa njerwa, ndipo njerwa zake ndi zofewa poyerekeza ndi mabuloko a lero. Khoma lotero limamwa chinyontho kuchokera pansi n'kumachitulutsa pang'onopang'ono kudzera m'mizere ya pakati pa njerwa, ndi mmene lakhalira zaka zonsezi osagwa. Ndiye pamabwera munthu wa mtima wabwino, akuti tiikonze ioneke bwino, amata pulasitala ya simenti yolimba kuyambira pansi mpaka pamwamba, apaka penti ya mafuta, athiranso konkire kuzungulira mpaka kugunda khoma. Chaka choyamba aliyense akuyamikira. Koma chinyontho chija chasowa potulukira, chimakwera m'kati mwa khoma, chimanyamula mchere wa m'nthaka, ndipo njerwa imayamba kufumbutuka kuseri kwa pulasitala inu osaona. Pitani mawa ndi kiyi m'manja, gogodani khoma kuyambira pansi kukwera. Pomwe pali bwino pamalira molimba, pomwe pulasitala yasiyana ndi njerwa pamamveka phwa phwa ngati mulibe kanthu. Yang'ananinso cha m'mawondo mpaka m'chiuno, mukaona mzere wa ufa woyera kapena penti yotupa, tokosani pang'ono ndi msomali, ngati mukutuluka fumbi lofiira ndiye kuti njerwa yayamba kudyeka. Ndinaitanidwapo pa nyumba ina ya mtundu womwewu, titachotsa chigamba cha simenti njerwa zinkachoka ndi dzanja, pamene mbali yomwe sanaikhudze, yongopakidwa njereza, inali bwinobwino.

Choncho pokonza gwiritsani laimu ndi mchenga, mwachizolowezi muyezo umodzi wa laimu ku miyezo itatu ya mchenga wabwino, ndipo kunja pakani njereza. Laimu amapezeka, amawotcha ku Balaka ndi ku Lirangwe, koma muonetsetse kuti ndi womangira, osati uja wothira m'munda. Amauma mochedwa, amafuna kumuwaza madzi ndi kumutchinga kudzuwa, ndiye mabilidala ambiri samukonda ndipo mukatembenuka amathiramo kathumba ka simenti kuti ntchito ifulumire. Muikepo munthu woyang'anira. Yambani ndi kachigawo kakang'ono kuseri, muone mmene kaumire, kenako mupitirize. Ndipo Zomba ndi kwa mvula, madzi otsika m'phiri si masewera, ndiye denga likonzedwe kaye, madzi a padenga agwere mu ngalande yomwe ikuwatengera kutali, nthaka yozungulira itsetserekere kunja osati kukhoma. Ngati padenga kapena musiling'i muli asibesitosi, malata kapena mabolodi otuwa aja ooneka ngati simenti, musalole ana a sukulu kapena achinyamata a mpingo kuti aphwanye pa ntchito yodzipereka, fumbi lake limawononga mapapo, pamafunika anthu odziwa.

Nkhani ya poika chatsopanocho. Ndikudziwa kale zomwe komiti ikuganiza, mzere wa mashopu kutsogolo m'mbali mwa msewu chifukwa ndi pomwe pali makasitomala. Chonde musatero. Mukatseka kutsogolo konse nyumba yakale ija isanduka kuseri, ndipo kuseri kwa mashopu tonse tikudziwa zomwe zimakhalako, makatoni, madzi otsukira mbale ndi anthu okodza. Imani pamsewu pomwe anthu amatsikira minibasi, yang'anani nyumbayo, chimene diso lanu likuona kuchokera pamenepo, masitepe, khonde ndi denga, chisatchingidwe. Mashopu ayambire kumsewu koma atsate malire a m'mbali kulowa m'kati, shopu yoyamba ndi yachiwiri ziyang'ane msewu, zinazo ziyang'ane bwalo. Holo ikhale mbali inayo kapena chakumbuyo pang'ono. Mukatero bwalo lija likhala pakati, yakale kumutu, zatsopano m'mbali, ndipo aliyense wobwera kudzagula mayunitsi kapena kudzavina ukwati azidutsa akuiona. Ena adzati mashopu a m'kati sadzayenda malonda. Adzayenda ngati njira yopita kuholo, kutchalitchi ndi kumjigo ikudutsa pakhonde pawo, ndiye njira za miyendo zomwe anthu anaponda kale muudzu muzijambule pa pulani, musazifafanize.

Chatsopano chisatalike kuposa chakale. Holo imafuna denga lalitali, ndiye ngati malo ndi otsetsereka ikani holo kumunsi kuti msonga yake isapose ya nyumba yakale. Musalumikize makoma a chatsopano ndi a nyumba yakale. Nyumba yatsopano imakhazikika pansi m'zaka zoyamba, yakale inakhazikika kalekale, mukazimangirira pamodzi mng'alu udzabwera ndipo udzang'amba yofewayo. Siyani mpata wa mamita angapo, injiniya anene kuti angati ataona dothi ndi kuya kwa maziko akale, omwe nthawi zambiri ndi osaya, miyala kapena njerwa basi. Ngati mukufuna kuti anthu asanyowe pochoka uku kupita uko, kanjira kofolera ka nsanamira zakezake kakwana, kongofika pafupi osaboola khoma. Makina ogwedeza nthaka ndi mathiraki a mchenga asayandikire, mangani mpanda wa malata kuzungulira nyumba yakale nthawi yonse ya ntchito, ndipo kontirakitala asaisandutse sitolo ya simenti kapena mogona alonda. Dzenje la madzi a kuzimbudzi likhale kumunsi ndi kutali.

Nanga chioneke bwanji? Pali misampha iwiri. Wina ndi womanga chinthu cha magalasi abuluu ndi matailosi onyezimira ngati za mu Limbe. Winawo ndi wokopera yakale ndendende mpaka mlendo osadziwa kuti yeniyeni ndi iti. Akatswiri osamalira nyumba zakale anagwirizana mfundo zawo ku Venice mu 1964, ndipo zina mwa izo ndi zoti choonjezera chisaphimbe kapena kusokoneza chakale ndi malo ochizungulira, komanso pomwe mwabwezeretsa pazidziwika kuti ndi patsopano. Ine ndimati tengani miyezo, siyani zokongoletsa. Yezani kupendekeka kwa denga lakale, kukula kwa khonde, mpata wa pakati pa nsanamira, kutalika kwa mawindo poyerekeza ndi mulifupi mwake, ndiye zatsopanozo zitsate miyezo imeneyo koma zikhale zosalira zambiri. Khonde makamaka musaumire, la mamita awiri kapena kuposa, poti ndi pomwe telala adzaike makina ake, ndi pomwe anthu adzabisale mvula, komanso limateteza khoma. Za njerwa, kumbukirani kuti kuyambira 2018 malamulo a zomangamanga amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za malonda ndi za mabungwe, ndiye funsani za njerwa zotsindira za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono. Mtundu wake umachokera ku dothi la pamalopo ndipo umakhala bwino pafupi ndi njerwa zakale kuposa buloko yotuwa. Zokonzera nyumba yakale fufuzani njerwa zakale zomwe zinagwa kapena za mabwinja a pafupi, zofanana kukula ndi kufewa.

Holo ndinenepo zochepa poti wojambula wanu adziwa. Mawindo mbali zonse ziwiri ndi potulukira mpweya wotentha pamwamba, kuti musadalire magetsi. Zitseko zotsegukira kunja, zosachepera mbali ziwiri. Polowera pa njinga ya olumala pakhale pakhomo lalikulu lomwelo, potsetsereka pang'onopang'ono, mita imodzi kukwera pa mamita 12 kuyenda. Malo ophikira a panja okhala ndi denga ndi madzi, chifukwa mukapanda kuwakonza amayi a ukwati adzasonkha moto pomwe pali mthunzi, ndipo mthunziwo ndi khonde la nyumba yakale. Zimbudzi zokwanira, za amayi zichuluke. Masipika ayang'ane kutali ndi manda ndi tchalitchi. Ndipo tonse tinaona mu Malichi 2023 nthawi ya namondwe wa Freddy kuti anthu anathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi, holo yanu tsiku lina idzagona anthu, ndiye pansi pakwezedwe, denga limangiriridwe bwino ku khoma, pakhale ndi thanki yokolola madzi a mvula.

Mashopu ndiye pamafunika kulimba mtima posankha olowamo. Chigayo ayi, kugwedeza kwake ndi fumbi sizigwirizana ndi khoma la dothi. Owotcherera zitsulo, ogulitsa petulo wa m'zigubu ndi okazinga tchipisi pafupi ndi denga la matabwa ouma a zaka zambirimbiri, ayinso. Telala, saluni, golosale, malo otumizira ndalama pafoni, sitolo ya mabuku ndi zolembera, ogulitsa mankhwala ovomerezeka, amenewo ali bwino. Nyumba yakaleyo muipatse ntchito yopepuka, ofesi ya mpingo, kalaibulale, chipinda chimodzi cha zithunzi ndi mabuku akale a ubatizo, mwina ndi malo a tiyi pakhonde. Mawaya a magetsi achotsedwe onse aikidwe atsopano, oyenda pamwamba pa khoma m'mapaipi, osasema njerwa. Zikwangwani zikhale ndi malo ake ndi kukula kumodzi, ndipo mulembe mu mgwirizano wa lendi kuti palibe kupaka khoma mtundu wa kampani. Adzabwera ndithu okuuzani kuti tikupenterani ulere nyumba yonse bola tiikepo dzina lathu, pa nyumba yakale yankho likhale ayi.

Manda asakhudzidwe, ndipo dziwani kuti omwe mukuwaona ndi miyala mwina si onse, akale ambiri analibe chizindikiro. Afunseni mafumu ndi mabanja kuti malire enieni ndi ati, muonjezerepo mpata, mutchinge ndi maluwa kapena kampanda kakafupi. Pokumba maziko mukapeza mafupa, mikanda, mapale kapena zitsulo zakale, ntchito iime pomwepo, musasunthe kanthu, dziwitsani mfumu, apolisi ndi a Museums and Monuments. Izi zilembedwe mu kontirakiti kuti kontirakitala asakwirire mwachinsinsi poopa kuchedwa. Mkuyu uja mizu yake imafika kutali kuposa pomwe nthambi zathera, musakumbe ngalande kapena kuthira konkire pansi pake, ikanipo mabenchi basi.

Kumbali ya ndalama, apa ndi pomwe mapulani abwino ambiri amafera. Komiti imati timange kaye mashopu, lendi ikayamba kulowa tidzakonza yakale. Lendi ikayamba kulowa pamabwera maliro, msonkhano wa kusinodi, galimoto ya abusa, ndipo denga lija likudonthabe. Ndiye gawo loyamba la ntchito likhale denga, ngalande ndi chiswe pa nyumba yakale, ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi holo. Gawo lachiwiri mashopu, lachitatu holo. Ndipo musanalandire lendi yoyamba, msonkhano waukulu uvomereze molemba kuti gawo lakutilakuti, ine ndimalangiza 10 kapena 15 kwacha pa 100 kwacha iliyonse, lizipita ku akaunti yapadera yokonzera nyumba yakale, yosainira anthu atatu, lipoti lake liziwerengedwa poyera chaka chilichonse. Makomiti amasintha, amene adzabwere pambuyo panu sadzakumbukira zomwe munalonjezana pakamwa.

Polemba ntchito wojambula mapulani, funsani chiphaso chake cha ku bodi ya ma architect ndi ma quantity surveyor, kutanthauza ojambula mapulani ndi owerengera mtengo wa zomanga, kontirakitala naye akhale wolembetsedwa ku bungwe loyang'anira zomangamanga. Koma chiphaso chokha sichikwanira, mufunseni kuti nyumba yakale yomwe anagwirapo ndi iti, mupite mukaione. Akangofika n'kutulutsa pulani yokonzeka kale pa laputopu asanazungulire malo, asanakwere musiling'i ndi tochi, ameneyo si wanu. Woyenera amayamba ndi tepi, kuyeza nyumba yakale chipinda ndi chipinda, kujambula mng'alu uliwonse, ndipo pulani yoyamba yomwe akupatseni ikhale ya zomwe zilipo kale, mitengo, manda, njira ndi komwe madzi amalowera mvula ikagwa.

Pakali pano, mvula isanayambe, tumani kalipentala akhomerere malata omwe asuntha ndi kusintha obooka, dulani udzu ndi timitengo tomera m'mphepete mwa khoma koma mizu yolowa m'njerwa musaizule mwamphamvu, ingodulani. Tsegulani mawindo masana kuti mpweya uziyenda, chotsani milu ya dothi ndi zinyalala zotsamira khoma, pomwe pali mng'alu matanipo kachidutswa ka galasi kapena lembani mizere iwiri ndi pensulo ndi deti lake kuti mudzaone ngati ukukula. Jambulani zithunzi mbali zonse zinayi, m'kati ndi musiling'i, musunge kwa anthu awiri osiyana. Mukalandira yankho la a Museums and Monuments ndi kope ya chikalata cha malo, nditumizireni pamodzi ndi zithunzizo ndi muyezo wa kuchokera pamasitepe kufika kumsewu, ndidzakuuzani ngati bwalolo likukwana holo ndi mashopu onse mukufunawo kapena muchepetseko.